Chitini chopanda pansi cha a Sakala

Tawoloka, tula ndowayo. Ndati tula, mwamuna wanga, usandiyang'ane ngati ndakulanda ndiwo. Simenti wasakaniza ndi mchengayo ikadali youma, siithawa. Madzi onsewo ukufuna kukhuthulira pamenepo, kodi ukuphika phala la mwana kapena ukuumba chivundikiro cha chimbudzi? Chimbudzicho ndizidzalowamo ndine, ndipo sindifuna kuti mudzandivuule m'dzenje ndi chingwe ku ukalamba uno. Bwera ukhale apa. Nanunso ana inu, senderani kuno ndi malichero anuwo, manja azisenda mtedza makutu ali kwa ine. Iwe Esinati ndakuona, wina m'lichero wina m'kamwa. Umenewo ndi wambewu.

Inu mlatho wa pamtsinje paja mumauona ngati unamera wokha. Mumathamangapo popita kusukulu, achinyamata amakhalapo miyendo ili lendee chifukwa akuti ndi pamene foni imagwira bwino. Ife kale pamenepo tinkapaopa. M'chilimwe unali mchenga wokhawokha, nkhuku imene inkaoloka osanyowa. Koma ikagwa ya mu Januwale, eee, mtsinje umenewo unkasanduka chilombo. Unkabwera ndi mitengo, mbuzi zakufa, nthawi zina ndi denga la munthu. Thonje linkatsala tsidya lino, mchere tsidya lija, ana osapita kusukulu mpaka madzi atatsika.

Mng'ono wanga Malita anathera pamenepo. Anali ndi pakati, matenda atayamba zinavuta, azamba anakweza manja. Tinamugoneka pangolo, kufika pamtsinje madzi ali thoo mpaka m'mabango. Denga la kiliniki tikuliona tsidya lija likung'anima ndi dzuwa, ife tili chiimire. Ndinamufungatira mutu mpaka anazizira. Sindikonda kuikamba nkhani imeneyi, koma popanda iyo simungamve chifukwa chake ndinachita misala ndi mlatho uja.

Panali patapita zaka zingapo chichitikire chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Inu simuchidziwa chimanga chimenecho, ufa wake unkanunkha thumba, koma unatisunga. Uthenga unabwera kuchokera ku boma ku Chadiza kuti simenti ndi zitsulo zipezeka, pamodzi ndi munthu wodziwa ntchito, koma mchenga, miyala, madzi ndi manja zikhale zathu. Chaka chomwecho mwana wanga Lesitina anali ndi pakati poyamba. Thupi lake linali laling'ono ngati la Malita, ndipo anesi anandiuza m'maso muli gwa kuti ameneyu asadzayese kuchilira pakhomo. Nyumba yodikirira pakiliniki kunalibe masiku amenewo. Mwezi wake unali wa Febuluwale, pakati penipeni pa mvula. Ndiye ena ankamanga mlatho wa mudzi, ine ndinkamanga wa mwana wanga.

Ntchito inayamba kutentha kwa mu Okutobala. Amuna ankaswa miyala ndi nyundo, aliyense atakhala pansi miyendo tang'a, mwala atauzinga ndi kachidutswa ka tayala kuti usamudumphire m'maso. Amayi tinkasenza mchenga pamutu ndi nkhata, m'madengu ndi m'mabeseni. Wilibala inalipo imodzi, ya gudumu lachitsulo, yolira ngati nkhumba. Masana tinkamwa thobwa la mawere lenileni, osati zotsekemera za m'mabotolo zimene zakuthetsani mano inuzi.

Munthu wa ku boma uja anafika pa njinga. Anali a Sakala, bambo wochepa thupi, wosakamba zambiri, chipewa chansalu chofwifwa. Pakaliyala anamangirira chinthu chimene sitinachionepo. Chinali ngati ndowa yachitsulo yayitali, koma yopanda pansi, kukamwa kwina kwakukulu kwina kwakung'ono, ndi timakutu m'mbali. Ana ankati ndi lipenga. Ambuya anu aamuna, malemu a Banda, anandinong'oneza kuti boma lasauka, lafika potuma anthu ndi ndowa zobooka. Panalinso ndodo yachitsulo yosalala ndi chitsulo china chafulati chonga thireyi.

Ine anandisankha kuti ndiziyang'anira madzi. Amayi anzanga ndiwo ananditchula, akuti aNaphiri saseka ndi munthu. Mukuseka chiyani? Ndi zoona. A Sakala anatenga ndowa imodzi, najambula mzere ndi penti m'kati mwake.

"Amayi," anatero, "madzi olowa m'konkire adutse m'ndowa iyi, ndipo adutse m'manja mwanu. Wina aliyense asathire, ngakhale amuna anu."

Ndinati, "Makamaka amenewo."

Tsiku loyamba kusakaniza, amuna atatembenuza ndi mafosholo mpaka mtundu unakhala umodzi, anafuna kuyamba kunyamula. A Sakala anakweza dzanja. Anaika chitsulo chafulati chija pamalo osalala, nanyowetsa chitini chawo, nachiimika kukamwa kwakukulu kuli pansi. Anaponda timakutu tija ndi majombo awo kuti chisagwedezeke. Ndiye anathiramo konkire pang'ono, n'kuisinja ndi ndodo ija, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Kenako anathiranso, kusinjanso, mpaka chinadzaza, nasalaza pamwamba. Ife tonse tinali titazungulira. Anagwira chitini ndi manja awiri, nachikweza molunjika, pang'onopang'ono, osapendeketsa.

Ana inu, ndinaona chinthu. Konkire ija inaima yokha ngati kachulu. Kenako inatsika pang'ono, ngati ikupuma, n'kukhazikika, osamwazika. A Sakala anaimika chitini pambali pake, nagoneka ndodo pamwamba pa chitinicho kuti idutse pamutu pa kachulu kaja, nayeza mpata wotsala pakati. Anatiitana kuti tione.

"Ikatsika pang'ono chonchi, osapitirira chikhatho changa ichi, ndiye kuti ili bwino pa ntchito yathu ino," anatero. "Ilowa pakati pa zitsulo mosavuta, ndipo ikauma ikhala mwala. Pitani nayo."

Ife zinthu tinkazidziwa zitachitika kale. Mbiya umaidziwa kuti inali ndi mng'alu itaphulika pamoto, khoma umalidziwa litagwa. Koma apa munthu akufunsa matope aawisi za mawa, matopewo n'kumuyankha dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa tonse. Panalibe kubisa, panalibe mankhwala. Ngakhale ine wosapita kusukulu ndinkatha kuona yankho lake.

Ndipo musaganize kuti chitini chija chinkangodana ndi madzi. Tsiku lina ndinaumira dala, ndinati ndisapitirire mzere ngakhale dontho, ndiye ndinaperewera. Atakweza chitini, konkire inangoti njoo, osatsika n'komwe, m'mbali mukuyoyoka timiyala. Ine ndinayamba kunyada, ndimvekere yalimba imeneyo. A Sakala anapukusa mutu. Anati youma chonchi singalowe pakati pa zitsulo, isiya mabowo ngati zisa za njuchi, ndipo madzi a mtsinje adzalowa m'menemo n'kudya zitsulo ndi dzimbiri. Anandiuza ndifike pamzere penipeni. Kuyambira pamenepo ankayesa nthawi iliyonse tikasakaniza yatsopano, kuti ya m'mawa ndi ya madzulo zikhale chimodzimodzi.

Zipilala zinatha bwinobwino. Tinafika pa ntchito yaikulu, yothira pamwamba pomwe ngolo zimadutsa. Matabwa anali atakhomedwa, zitsulo zitalukidwa ngati mphasa. Unali Novembala tsopano, mitambo itayamba kuunjikana cha ku Mozambiki, ndipo anthu mitima inali kuminda. Lesitina anali atayamba kuyenda mogwira msana. Ine tulo tinali titandithawa.

M'mawa umenewo ndinathira madzi monga mwa masiku onse, pamzere. Amuna anasakaniza, ndipo ndinawamva akukondwa kuti lero fosholo ikuyenda yokha. A Sakala anadzaza chitini chawo, anasinja, anakweza. Mayo ine! Konkire ija inangoti phwaa, kuyandama pachitsulo ponse ngati ndowe ya ng'ombe yodya msipu watsopano. Miyala kwina, madzi a simenti kwina.

Panali bambo wina, a Lungu, amene anagwirako ntchito ku migodi. Pakamwa pawo panali posatseka, nkhani iliyonse ankaiyamba ndi kuti ife ku Kopala. Iwo ndiwo anayamba.

"Madzi achuluka. Nanga wamadzi ndani? ANaphiri ali pa changu, mwana wawo watopa. Aonjezera kuti tithamange."

Ana inu, magazi anandikwera kumutu. Ndinatula ndowa pansi, ndinamanga chitenje. Ndinati, "A Lungu, bwerezani. Ine ndiphe mlatho umene adzadutsepo mwana wanga? Munandiona ndi maso anu kapena mwalota?" Ambuya anu ankandikoka mkono, amvekere aNaphiri, pali anthu. Ndinati anthuwo amve. Amayi ena anayamba kuyang'ana pansi, ndipo chinandiwawa kwambiri ndi chimenecho, poti ndinaona kuti ena akukhulupirira.

A Sakala sanalowerere. Anayang'ana ndowa yanga, anayang'ana mzere. Kenako anapita pamulu wa mchenga, nachotsa udzu umene unali utafunditsidwapo. Pamwamba mchenga unali wouma, woyera bwino. Anapinda malaya, nalowetsa mkono mpaka m'chigongono, natulutsa wodzaza dzanja. Anaufinya. Atatambasula dzanja, mchenga unali utagwirana ngati mpira, chikhatho chawo chikunyezimira ndi madzi.

"Mchenga uwu mwautenga pati?" anafunsa.

Apa ndiye muyenera kudziwa mmene tinkakhalira. Mijigo kunalibe. Mtsinje ukauma, amayi tinkafukula mchenga mpaka madzi atatumphuka pansi, n'kumatunga ndi chikho. Mchenga wa pansi pa zitsime zimenezo ndi umene tinkatsukira mapoto ndi mbale, chifukwa ndi wotsukika kale, wopanda dothi. Tsono masiku oyamba a ntchito ya mlatho tinkakokola wouma wapamwamba. Koma kutentha kutakula, ng'ombe za midzi yonse zinayamba kudzamwa pamenepo, mchenga wapamwamba unadzaza ndowe ndi zinyalala. A Sakala anali atanena kuti akufuna mchenga waukhondo. Ndiye amayi osenza anapangana kuti pa ntchito yaikuluyi apereke ulemu, atenge wabwino koposa, wa pansi pa zitsime. Anaufunditsanso udzu kuti mbuzi zisaudetse. Anachita zimenezi ndi mtima wabwino, ndipo palibe anaganiza kuti akusenza madzi pamodzi ndi mchenga.

A Sakala anaseka koyamba chibwerere. Anati, "Mayi awa sanaonjeze kanthu. Madzi ena abwera okha, abisala mumchenga. Mchenga ndi wabwino, amayi mwachita bwino, koma wabwera utamwa kale."

Ine mkwiyo unathera m'kudabwa. Madzi amene sindinathire, amene diso la munthu aliyense silinawaone, chitini chobooka chinawadziwa. Ndinachiyang'ana chili pansi chopakika simenti, ndipo ndikuuzani zoona, ndinachiopa.

Koma nkhani inali isanathe. Pansi panali mulu waukulu wa konkire yosakaniza kale, ndipo a Sakala anati imeneyo pamlatho siipita. Simenti yoonjezera kuti aikonze inalibe pochokera, matumba anabwera owerengeka. Anthu anayamba kung'ung'udza. A Lungu amvekere ku Kopala tinkathira yofewa kuposa iyi, ndipo yofewa ndiye imasalala bwino. Bingu linagunda chapatali. Apo ine ndinasintha mbali, ndinaiwala kuti a Lungu anditukwana kumene. Ndinapita kwa a Sakala, ndinagwada.

"Bambo, ithireni. Mukaitaya simenti ichepa, mvula itipeza, mlatho sutha. Ine ndinataya mng'ono wanga pamalo pano. Mwana wanga ali ndi pakati."

Anavula chipewa, nakhala chonjuta kuti tilingane. Anayankhula motsitsa, anthu ena sanamve n'komwe.

"Amayi, ndamva. Madzi ochuluka aja akadzauma amasiya timipata m'kati, konkire imakhala yofumbwa ngakhale kunja ikuoneka bwino. Mwana wanuyo adzadutsa pamwamba pake, ng'ombe ziwiri ndi ngolo, pansi madzi akumenya. Mukufuna adzadutse pa iyi?"

Ndinayang'ana matope aja ali yandaa pachitsulo. Ndinadzuka, ndinakatenga ndowa yanga.

Tsiku limenelo tinayala mchenga padzuwa, ndipo a Sakala anandichepetsera madzi, akuyesa ndi chitini mobwerezabwereza mpaka kachulu kanayambanso kuima n'kutsika pang'ono ngati kale. Tinathira osapuma, poti ankati ntchito ya pamwamba siifuna kudukiza. Simenti inakwanira pothira, koma inaperewera kampanda ka mbali imodzi. Si paja mumafunsa chifukwa chake mlatho uli ndi kakhoma kumtunda kokha? Chifukwa chake n'chimenecho. Konkire yokanidwa ija a Lungu anakana kuti itayike. Anaituta ndi anzawo, nakaumba chimwala chochapirapo zovala kumunsi kwa mlatho, chachikulu, chosalala ngati galasi. Ankati tidzaone ngati sichidzaposa mlatho wa a Sakala.

Chinandidabwitsanso china. Munthu yemwe uja ankandimana madzi, konkire itangogwira anati tiifunditse udzu ndipo tiziithirira m'mawa ndi madzulo, isaume msanga. Ndinati bambo, kodi chinthu chanuchi chimafuna chiyani kwenikweni, dzulo chimakana madzi lero chikulira ludzu? Anati chili ngati mwana wakhanda, chilichonse pa nthawi yake. Tinathirira milungu ingapo, kenako mvula inatilanda ntchitoyo. A Sakala anamangirira chitini chawo pakaliyala, natsanzika. Sindinawaonenso, kaya ali moyo kaya anatsogola.

Febuluwale anafika ndi mvula yosakata. Inagwa masiku otsatizana, nkhuni zonse zinanyowa, chimanga chinagona m'madambo. M'mawa wina Lesitina anandiitana ndi mawu amene ndinawadziwa. Tinamanga ng'ombe, tinayala mphasa ndi bulangeti pangolo, ambuya anu kutsogolo ndi chingwe, ine pambali nditagwira dzanja la mwana wanga. Mtsinje tinaumva tisanauone. Titafika, madzi anali ofiira, atadzaza mpaka m'mabango, malo omwe aja ndinakhala ndi Malita. Anali atatsala pang'ono kunyambita pamwamba pa mlatho. Chimtengo chinabwera ndi mizu yake, chinamenya chipilala, guu, n'kutembenuka, n'kulowa pansi.

Ng'ombe zinakana. Ambuya anu anandiyang'ana, nkhope itatuwa. Ndinati, "A Banda, kokani. Madzi a mlatho uwu ndinathira ndine." Ndinavula patapata kuti ndiumve ndi mapazi. Ndinaponda. Pansi panga mtsinje ukubangula, mphepo yake ikundiomba m'miyendo, koma chimene ndinapondapo chinali duu, osanjenjemera ngakhale pang'ono. Ng'ombe zinatsatira, magudumu anagubuduka, Lesitina akubuula, ine ndikungoti Mulungu, Mulungu. Titaponda dothi la tsidya lija ndinalira mokweza ngati pamaliro, mpaka ambuya anu anandikalipira kuti ndikuopseza mwana.

Kukiliniki zinavutadi monga ananenera anesi. Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti pakhomo sakanachira. Koma anachira. Mwana wamwamuna, wamakani, wolira ngati walipiridwa.

Pobwerera madzi anali atatsika. Ndinanyamula khanda ndine, Lesitina ali pangolo. Tili pamlatho ndinaona a Lungu ataima kumunsi, manja kumbuyo. Chimwala chawo chochapira chija chinali chitasweka zidutswazidutswa, zina zitapita ndi madzi. Kunena zoona chinali chitayamba kale kuyoyoka mchenga amayi akamamenyapo zovala, koma tinkangoti ndi mmene zimakhalira. Ndinapatsa ambuya anu mwana, ndinatsikira komweko. Ndinatola zidutswa ziwiri n'kuzigundanitsa, zinanyenyeka ngati chigumu chogona. A Lungu sananene za ku Kopala tsiku limenelo. Anangoti, "ANaphiri, konkire munagwadira ija ndi imeneyi."

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Ndinayang'ana m'manja mwanga, ndinayang'ana ngolo ili pamwamba pa mlatho, mwana wanga atakhalamo wamoyo. Ndimo mmene ndinamutchulira dzina mdzukulu wanga, tisanafike n'kunyumba komwe, chikuta asanatuluke, mpaka azakhali ake anandidandaulira kuti ndaphwanya mwambo.

Wandiyang'ana bwanji, Tawoloka? Unkayesa dzinalo tinalitola panjira? Amayi ako sanakuuze chifukwa iwo tsikulo salikumbuka bwino, anali pakati pa moyo ndi imfa. Pukuta m'maso, ana akuseka.

Tsopano dzuka. Kuseri kwa khola kuli ndowa yakale yothothoka pansi, imene ndimavundikirira anapiye. Si ya a Sakala, koma itiuzako kanthu. Ukabwera nayo, uyambe walowetsa mkono mumchenga wakowo mpaka m'chigongono, poti ndinakuona dzulo ukuutapa kudambo. Iwe Esinati, ndigwire dzanja ndidzuke, undipatsenso ndodo yanga. Ndowa yamadziyo musaikhudze. Madzi ndithira ndine.